Lachisanu Loyera la Fidelis

Buledi sadziwa holide. Anthu a ku Chifubu, m'Ndola, akamapuma ndi pamene amadya kwambiri, ndipo tsiku limene masitolo ena atseka ndi limene mzere wa pa bekari ya Mayi Rebecca umakafika poima maminibasi. N'chifukwa chake uvuni wa pamenepo sunkazima chaka chonse. Unali uvuni wakale wa dizilo, wamakani ngati bulu. Ukaudalira unkakupsereza mabanzi, ukauopa unkakutulutsira aawisi m'kati. Amuna atatu okha ndi amene ankaudziwa mtima wake: Boaz, Fidelis ndi Abednego. Mmodzi ankalowa m'mawa, wina madzulo, wachitatu n'kumapuma, ndipo ankasinthana choncho.

Atatuwa ankapemphera kosiyana, ndipo kwa zaka zambiri kusiyanako ndi kumene kunkayendetsa bekari. Boaz anali wa Mboni za Yehova. Kwa iye Khirisimasi linali tsiku wamba, Lachisanu Loyera chimodzimodzi. Fidelis anali Mkatolika wa m'kwaya, mwana wa munthu wa mumgodi, woimba besi yogwedeza mabenchi. Choncho awiriwa adapangana kalekale, Abednego asanayambe n'komwe ntchito. Masiku a tchalitchi a Fidelis, Boaz ankaima pa uvuni. Madzulo a Chikumbutso, mwambo umene Mboni zimakumbukira imfa ya Yesu kamodzi pachaka dzuwa litalowa, Fidelis ankaima m'malo mwa Boaz. Pangano lake linali la pakamwa basi, ndipo lidazolowereka mwakuti sankakumbutsananso. Abednego, yemwe anali wa Pentekoste ngati mwini bekari, ankapatsidwa usiku wolowera chaka chatsopano, koma Lachisanu Loyera ankaligwira akung'ung'udza.

Chaka chimenechi Boaz ankadikira Chikumbutso kuposa kale lonse. Mwana wake Jesse adasiya kusonkhana ndi Mboni atangopita kukaphunzira ku Kitwe, ndipo atamaliza adakhazikika konko ku Riverside. Kuyambira pamenepo bambo ndi mwana akaimbirana foni ankangokambirana za mvula ndi mtengo wa ufa, nkhani yeniyeni ankaizungulira ngati dzenje la pamsewu. Ndiye mwezi wapitawo Jesse anauza amayi ake, Zipporah, kuti ku Chikumbutso abwera, koma akufuna kudzakhala pafupi ndi bambo ake, kuti anthu asamufunse mafunso. Boaz atamva anapita kuseri kwa nyumba kukayang'ana mpanda umene unalibe vuto lililonse. Anasangalala mpaka kuchita mantha. Ankadziwa kuti mwanayo akadzafika n'kupeza mpando wa bambo ake uli wopanda munthu, sadzabweranso.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chinabwera pa nthawi ya tiyi, sabata ya Isitala isanafike, ogwira ntchito onse atakumana posinthana mashifiti. Lamulo la Mayi Rebecca linali lakuti wina apemphere kapu isanafike pamlomo. Boaz, monga mwa nthawi zonse, anasunthira pakhomo mwaulemu kuti akapemphere yekha chamumtima. Tsikuli linali la Fidelis. Onse anatsinzina n'kudikira besi ija, koma sinabwere.

"Nidumpheni chabe," anatero Fidelis. "Ine sinikhulupirira manje kuti kuli Mulungu."

Analankhula ngati munthu wonena kuti wasiya kuthira shuga. Peggy, mtsikana wogulitsa pa kauntala, anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, kenako anaona kuti akuseka yekha. Mayi Rebecca anafunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta, ngati abambo mfumu amulakwira, ngati mwina wayamba kumwa. Fidelis anati ayi, zonse zili bwino. Anati Lamulungu lina ali pakati pa nyimbo anangozindikira kuti palibe amene akumuimbira, ndipo anadikira miyezi kuti maganizowo achoke, koma sanachoke. Anati sakukangana ndi munthu, amene akupemphera apitirize, iye sangafune kunama pa tiyi wa anzake. Atatero ananyema banzi n'kuviika.

Boaz anaima pakhomo paja mutu utaima. Moyo wake wonse adaphunzira kuyankha anthu okhulupirira zolakwika. Kwa Akatolika ankadziwa vesi lowatsegulira, kwa a Pentekoste ankadziwa powayambira. Koma munthu wosakhulupirira kanthu ankangomuwerenga m'magazini, ndipo pa chithunzi ankakhala mzungu wa magalasi ataima pafupi ndi mabuku. Sadaganizepo kuti angakhale Fidelis, wa ku Katete, wa ufa m'nsidze.

Amene anachira msanga anali Abednego. Tiyi asanazizire n'komwe anafunsa funso limene linasokoneza bekari sabata yathunthu. Anati ngati ba Fidelis alibe Mulungu, ndiye Lachisanu Loyera akapuma chani? Amene wafa tsiku limenelo sakumudziwa, ndiye maliro ake akhala bwanji? Anati iye wakhala akupsa ndi uvuni chaka ndi chaka anzake ali kuphiri kukapemphera, pamene tsiku lopuma likupita kwa munthu amene akakhala pakhonde kumadula zikhadabo.

Fidelis anayankha kuti holide ndi ya boma, osati ya tchalitchi, ndipo pa kalendala sadalembepo kuti okhulupirira okha. Abednego anati boma lomwelo lidanena kuti dziko lino ndi lachikhristu. Peggy analowererapo n'kufunsa kuti nanga Tsiku la Alimi onse amalifuna bwanji pomwe pa bekari palibe ali ndi munda, kupatula mapoto awiri a anyezi a ba Boaz. Anawonjeza kuti Tsiku la Achinyamata abwana nawonso sabwera, koma mawu amenewa anawamezera m'kapu. Nkhani inatuluka pa kauntala n'kukafika pamzere. Dalaivala wina wa minibasi anati wosapemphera azigwira ntchito ngakhale Lamulungu lililonse, chifukwa Lamulungu nalonso ndi la Mulungu, dzina lomwe likunena. Mayi wina wogulitsa tomato anati ayi, munthu wotere ndi amene akufunika kupuma kwambiri, kuti apeze nthawi yoganiza bwino. Mkulu wina wopuma ntchito ku njanji anati iye akuona kuti onse akunena zoona, anatenga buledi wake n'kumapita.

Boaz sanalowerere. Ankaona kuti nkhaniyi ndi ya anthu a maholide, ndipo iye alibe holide. Madzulo anaifotokozera Zipporah ngati nkhani yomvetsa chisoni ya kuntchito, ndipo anali pakati pofotokoza za mayi wa tomato pamene mkazi wake anasiya kusita.

"Atate a Jesse, ngati ba Fidelis azagwira pa Friday, ndiye kuti simunawaimirire. Ngati simunawaimirire, pa Thursday azakuimirirani chifukwa chani?"

Chikumbutso chaka chimenecho chinkagwa Lachinayi madzulo, mawa lake kukhala Lachisanu Loyera, ndipo shifiti ya madzulo a Lachinayi inali ya Boaz. Anawerenga pa zala kawiri, yankho linali lomwelo. Apa ndi pamene anazindikira kuti moto umene ankauonerera ukuyaka pa denga la mnzake wagwira kale lake. Kuti iye akakhale pafupi ndi mwana wake ku Nyumba ya Ufumu, panafunika kuti munthu wosakhulupirira Mulungu apatsidwe tsiku limene iye Boaz amaphunzitsa khomo ndi khomo kuti Baibulo silinalamule. Anagona akuitembenuza nkhaniyi, ndipo mbali iliyonse imene ankaigwira inkamutentha.

Mayi Rebecca nawonso sankagona. Anali mayi wabwino mtima koma wosakonda kuoneka ngati sakudziwa. Anafunsa abusa awo, abusa anati ampempherere. Anafunsa mlamu wawo wogwira ntchito ku khonsolo, iye anati lamulo silifunsa za mpingo wa munthu, koma anawonjeza kuti limafunsa zinthu zina zambiri zimene bekari yaing'ono siyenera kuzidzutsa. Choncho Lolemba anaitana amuna atatu aja kuseri, pakati pa matumba a fulawa, n'kunena kuti nkhaniyi aweruze ndi Boaz. Anati iye ndi amene alibe mbali, popeza tsikulo salisunga ndipo salifuna.

Munthu wopanda mbali uja thukuta linali kamukamu. Akanatha kungonena kuti pangano lakale likhale, nkhani n'kutha. Koma Boaz adaleredwa kuti funso lililonse limayamba ndi lemba, ndipo chizolowezi chinathamanga kuposa nzeru. Anayamba ndi kufotokoza kuti kunena zoona, Lachisanu Loyera silipezeka m'Baibulo ngati tsiku loti Akhristu azisunga. Abednego anadzuka pa thumba n'kufunsa ngati akutanthauza kuti iye wopita kuphiri ndi wopusa. Boaz anati ayi, akungotanthauza kuti popeza tsikulo si la Mulungu kwenikweni, munthu wosakhulupirira Mulungu akhoza kulitenga popanda kulakwira aliyense. Mayi Rebecca anakweza nsidze n'kufunsa ngati akunena kuti tsiku limene Ambuye adafera si la Mulungu. Boaz anati imfayo ndi yoona, tsikulo ndiye ayi, ndiye kuti tsiku lenileni ndi Lachinayi madzulo, ndipo limenelo ndi limene liyenera kulemekezedwa. Abednego anati, ehe, zatuluka, woweruza uja akudziweruzira yekha.

Boaz anayesa kubwerera, koma mawu ali ngati ufa wothira m'madzi, suutolanso. Anati aliyense ali ndi chikumbumtima chake. Anamufunsa ngati wosakhulupirira ali nachonso chikumbumtima, iye anati ali nacho, chifukwa Mulungu adachiika mwa anthu onse. Fidelis anati mwaulemu sakugwirizana ndi mbali yomalizayo. Boaz anamuyang'ana mopempha, ngati kunena kuti m'bale, ndikukumenyera nkhondo, usandikoke mwendo. Pofika pamenepa iye mwini sankadziwanso kuti akuteteza ndani, akutsutsa chiyani.

Mayi Rebecca anatembenukira kwa Fidelis n'kumufunsa funso limodzi, loti akapatsidwa tsikulo akachita nalo chiyani. Boaz anapemphera chamumtima kuti munthuyo anene kuti akaperekeza banja ku Njira ya Mtanda, kapena kuti akaona wodwala. Anazindikira mochedwa kuti akupempha Yehova kuti athandize munthu kunama, ndipo analisiya pempherolo pakati.

"Nizagona pang'ono," anatero Fidelis. "Nikauka nizakhala chabe. Sininakhalepo panyumba pa Good Friday. Nifuna nione mwamene imaonekera."

Chigamulo chinagwa pomwepo. Mayi Rebecca anati pa bekari yawo tsiku lopemphera lizipita kwa wolipemphera. Lachisanu Loyera apume Abednego, Fidelis alowe m'mawa, Boaz madzulo. Zosinthana zamseri zatha, chifukwa ndi zimene zabweretsa chisokonezo. Boaz anafunsa ndi mawu aang'ono za Lachinayi. Mayiwo anaganiza kaye, ndipo zinkaoneka kuti mfundo yawo yomwe yawakola. Anati ndi zoona kuti Boaz amalipemphera tsikulo, koma si holide, pa kalendala ndi lakuda ngati masiku ena onse, ndipo madzulo amenewo ndi amene amaphika mabanzi onse a Isitala. Akapeza womuimirira apite. Akapanda kumupeza n'kusiya uvuni wokha, asadzabwerenso. Sananene mwaukali, ndipo potuluka ankaoneka osokonezeka ngati anthu amene anawaweruzawo.

Omuimirira padziko lonse analipo awiri. Boaz anayamba ndi Abednego, amene anayankha kuti Lachinayi ndi tsiku lake lopuma ndipo basi ya kuphiri inyamuka masana. Anawonjeza kuti ngakhale ikanapanda kunyamuka, sakanathandiza munthu kupita kukamva kuti kulibe moto wa kugehena. Anatsala Fidelis. Koma Boaz akanayamba bwanji? Munthuyo anali atalandidwa tsiku lake, ndipo amene anathandiza kulitaya ndi pakamwa pa Boaz. Lachinayi anali ndi shifiti ya m'mawa, Lachisanu m'mawa ankayenera kulowanso. Kumupempha madzulo kunali kumuuza kuti aime pa moto kuyambira mbandakucha mpaka usiku, agone pang'ono, abwerenso, ndipo zonsezi chifukwa cha Mulungu amene iye akuti kulibe. Boaz analibe choti ambwezere. Khirisimasi, Isitala, zonse zimene ankagulira chifundo cha Fidelis zinali zitasanduka ndalama zakale zosagula kanthu.

Lachiwiri anakumana posinthana shifiti, Boaz anakamba za belu la uvuni limene linkalira mochedwa. Lachitatu anatsegula pakamwa n'kufunsa ngati yisiti watsopanoyu akumuona bwanji. Fidelis anati ali bwino. Kunyumba Zipporah anasita suti, anasitanso malaya ena a Jesse amene adawasiya kalekale, ngati kuti mwina angawafune. Sanamufunse mwamuna wake kuti zatha bwanji. Anangomuuza kuti mwana watumiza uthenga kuti akwera basi ya masana ku Kitwe.

Boaz ankadziwa chimene Mboni imachita zikafika potere. Imapita ku Chikumbutso, ntchito n'kuisiya m'manja mwa Yehova. Nkhani zotero adazimva pa misonkhano ikuluikulu, ndipo nthawi zonse zinkatha ndi ntchito ina yabwino kuposa yoyamba. Koma anali ndi zaka zopitirira makumi asanu, m'Ndola mabekari ankatseka kuposa kutsegula, ndipo iye ankadziwa uvuni umodzi wokha padziko lapansi. Anachita manyazi kuti akuopa, koma ankaopabe.

Lachinayi masana anafika pa bekari atanyamula suti mu pulasitiki ndi epuloni m'thumba lina, osadziwa kuti avala chiti. Mzere unali utayamba kale. Kuseri mathireyi a mabanzi anali atandandalikidwa mpaka pakhomo, akudikira moto. Fidelis anali atamaliza shifiti yake. Anali atakhala pa kreti, nsapato atavula, akusisita mapazi otupa. Boaz anapachika suti pa msomali, anavala epuloni, anayang'ana uvuni, anayang'ana dzuwa pa zenera, n'kuyamba kulowetsa thireyi yoyamba.

"Ba Boaz, muchita chani?"

Boaz anati akugwira ntchito. Fidelis anavala nsapato pang'onopang'ono, anaimirira, n'kumulanda thireyi ija m'manja ngati mmene umalandira mpeni kwa mwana. Anati iye wakhala akudikira kuyambira Lolemba kuti afunsidwe, ndipo wadabwa kuti munthu wogogoda pa makomo a anthu osawadziwa akulephera kufunsa mnzake wa pa uvuni. Boaz anayamba kufotokoza kuti pangano lidatha, kuti alibe chobweza, kuti ndi iye amene adaononga mlandu. Fidelis anavomera kuti mlanduwo adauonongadi, ndipo sadaonepo munthu akudzikola chotero. Koma anati iye sankaima Lachinayi lililonse la Chikumbutso chifukwa cha Lachisanu. Mwina poyamba zinali choncho, koma pambuyo pake ankangoima chifukwa Boaz ankafuna kupita.

Boaz anafunsa funso limene linkamuvuta sabata yonse. Anati nanga ngati kulibe Mulungu, ngati palibe amene akuona, munthu angadzipweteke bwanji chonchi chifukwa cha pemphero la wina?

"Ine sinidziwa, ba Boaz. Nayesa kuganiza, mutu uwawa. Valani suti, mwana azafika."

Boaz anavula epuloni. Anasamba m'manja pa mpopi wa kuseri, anavala malaya ndi jekete kuseri kwa matumba a fulawa, tayi anaimanga kawiri chifukwa koyamba inapotoka. Mtima wake unali utapepuka mwakuti ankafuna kuimba. Anabwera kudzatsanzika, ndipo posowa chochita ndi manja anapisa m'thumba la jekete, m'mene munali timapepala totsala toitanira anthu ku mwambowo. Fidelis anationa. Anatseka chitseko cha uvuni, anapukuta nkhope ndi mkono, n'kulankhula osayang'ana mnzake.

"Chinthu chimodzi chabe. Zaka zonse izi mumaitana aliyense. Peggy munamupatsa, ba madamu munawapatsa, na kondakitala wa minibasi nimaona mumupatsa. Ine simunaniitanepo olo kamodzi."

Boaz anafufuza m'mutu chaka chimodzi chokha choti atsutsire, sanachipeze. Zinali zoona. Chaka ndi chaka ankayenda Chifubu yense mpaka nsapato kutha, kuuza anthu kuti madzulo amenewa ndi ofunika kuposa ena onse ndipo moyo wawo ukudalira zimene zikanenedwe kumeneko. Munthu mmodzi yekha sankamuuza, chifukwa munthuyo akanavomera, uvuni ukanatsala wokha. Sadachite kukonza. Maso ake ankangomudumpha Fidelis ngati mmene umadumphira khomo la nyumba yako ukamalalikira. Ndipo tsopano, pa anthu onse a m'Ndola, amene Boaz ankakhulupirira kuti akufunika kwambiri kukamva nkhani ya madzulo amenewo anali yemweyu, amene ankamutumiza kuti apite.

Anatulutsa kapepala kamodzi n'kukatambasula. Fidelis anakayang'ana, manja ake ali mafuta okhaokha, ndipo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chipongwe.

"Nikalandira, nikavomera, apa pazaima ndani?"

Boaz anayesa kunena kuti chaka chamawa, koma anazindikira kuti chaka chamawa adzafunanso munthu pa uvuni. Anayesa kuganiza zoti atsale iye kuti Fidelis apite, koma ndiye Jesse akakhala ndi ndani, ndipo Fidelisyo ananena kuti akufuna kupita kapena amangofuna kuitanidwa? Anafunsa. Fidelis anati nayenso sakudziwa. Anati mwina akanaitanidwa zaka zapitazo akanakana mwaukali, monga Mkatolika weniweni, ndipo zikanamusangalatsa. Belu la uvuni linalira, iye anatembenuka kukatulutsa mabanzi, ndipo Boaz anasiya kapepala kaja pa kreti n'kutuluka.

Mu minibasi anakhala pafupi ndi zenera, dzuwa likufiira kumbuyo kwa madenga. Chisangalalo chija chinalipobe koma chinali chitasakanikirana ndi chinthu cholemera chimene sankachidziwa dzina. Sabata yonse ankafunsa ngati munthu wosakhulupirira ayenera kupuma pa tsiku la okhulupirira, ndipo mpaka pano sankadziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti munthuyo mawa sapuma, lero sanapume, ndipo iye Boaz wa chikhulupiriro ndi amene wavala suti.

Pa Nyumba ya Ufumu anthu anali atadzaza mpaka panja. Asanatsike n'komwe mu minibasi, Boaz anamuona Jesse. Anali ataima pafupi ndi geti ndi amayi ake, atavala malaya osita aja, amene tsopano ankamuthina m'mapewa. Mnyamatayo ankayang'ana minibasi iliyonse yoima. Ataona bambo ake nkhope yake inamasuka, ndipo Boaz anadziwa kuti akanachedwa pang'ono akanapeza Zipporah ali yekha. Anagwirana chanza nthawi yaitali. Kenako Jesse anamuchotsa ufa pa khutu n'kufunsa kuti ku uvuni kwatsala ndani.

Boaz anati kwatsala ba Fidelis.

"Ba Fidelis a ku kwaya? Akali kupemphera ku Katolika?"

Boaz anati ayi, adasiya. Jesse anafunsa kuti ndiye alowa mpingo uti. Boaz anati palibe, akuti sakhulupiriranso kuti kuli Mulungu. Anayembekeza kuti mwanayo adabwa, koma sanadabwe. Anangoyang'ana pansi, n'kukankha kamwala ndi nsapato, ndipo anafunsa motsitsa mawu kuti amayi ake asamve.

"Nanga imwe, adadi, mukali kukamba nawo?"

Nyimbo yoyamba inali itayamba m'katimo. Boaz anayang'ana mwana wake, ndipo anamva kuti funsolo silinali la Fidelis. Anamugwira pamkono, mwamphamvu kuposa mmene ankafunira.

"Tsiku lililonse," anatero. "Tiye tikakhale."